Tileke Kupha Alendo Athu a M'dambo

Anzanga, nkhani imene ndifuna kukamba nanu m'magazini a chaka chino inayamba ndi mkangano wa ku hostel, ndipo popeza usiku uja belu logonera linalira tisanamalize, ndaganiza kuimalizira pano pamene palibe munthu angandidule mawu. Ena a inu mukumbukira Loweruka lija la mwezi wa Marichi pamene anyamata asanu tinatsikira ku dambo la kuseri kwa bwalo la mpira, titatenga ulimbo ndi malegeni. Ine ndinali mmodzi wa iwo, sindibisa ayi. Tinali titadya nyemba masabata atatu otsatizana ndipo nkhuli inatipweteka zedi. Madzulo amenewo anamzeze anachuluka kotero kuti bango linawerama ndi kulemera kwawo. Tinagwira 14, tinawasosola, ndi kuwaotcha pa moto wa zitsononkho. Kunena zoona, nyama yonse ija sikanadzaza ngakhale kapu imodzi, ndipo tinabwerera ku hostel njala ili pomwepo.

Lolemba lake aphunzitsi athu a Jogalafe, amene anali atamva za ulenje wathuwo, sanatipatse chibalo. Anangopachika mapu a dziko lonse pa bolodi, naloza ndi ndodo dziko la Poland, natiuza kuti tiyese ndi ulusi mtunda wochokera pamenepo kufika kuno. Tinapeza makilomita oposa 7,000. Tsono anatifotokozera kuti timbalame tija tinali kusonkhana ndi kudzinenepetsa pokonzekera ulendo wautali wotere, kupita ku Ulaya kapena ku Russia kukamanga zisa, ndipo kalikonse mwa ito kalemera magalamu 20 okha. Ine ndinachita manyazi kwambiri. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufunafuna m'laibulale ndi pa makompyuta a sukulu kuti ndidziwe kumene alendo amenewa apita akatisiya. Ndifuna ndikuuzeni za dambo limodzi la kumeneko, ndi mmene likhalira m'masabata omwewo pamene ife tili kudya dowe ndi maungu, kuti mukamva muweruze nokha ngati tinachita bwino.

Choyamba tiyenera kumvetsa nyengo zawo, pakuti sizilingana ndi zathu. Ife tili ndi dzinja la mvula, masika okolola, chisanu cha Juni ndi Julayi, ndi chilimwe chotentha. Kumpoto kwa dziko lapansi zinthu zili mwina. Kumpoto chakum'mawa kwa Poland, mwezi wa Disembala dzuwa lioneka maola osakwana 8 pa tsiku. Pa zaka zozizira kwambiri madzi a m'mitsinje aundana nalimba ngati mwala, kotero kuti munthu ayenda pamwamba pake, ndipo nthaka ikutidwa ndi chipale choyera. Mitengo yambiri iyoyola masamba, tizilombo touluka tisowa, achule abisala m'matope. Mbalame yodya tizilombo ikakhala komweko ifa ndi njala, ndicho chifukwa chake ithawira kuno. Koma pofika cha pa 21 Marichi usana ulingana ndi usiku, ndipo kuyambira pamenepo ungotalikirabe kufikira maola pafupifupi 17 mu Juni. Nyengo yoyamba kufundayi Angerezi aitcha spring. M'chinenero chathu mulibe dzina lake lenileni popeza nyengoyo kuno kulibe, chotero ine ndidzaitcha nyengo ya mphukira.

Dambo ndinenalo lili m'chigwa cha mtsinje wa Biebrza, umene uyenda mokhotakhota makilomita oposa 150 nukathira mu mtsinje wa Narew. Mu 1993 boma la Poland linapatula chigwachi kuti chikhale malo otetezedwa. Kukula kwake ndi mahekitala oposa 59,000, pafupifupi kulingana ndi nkhalango yathu ya Liwonde, ndipo m'dzikomo mulibe paki ina yoposa imeneyi. Chipale chikayamba kusungunuka mu Marichi, madzi onse atsikira m'chigwa, mtsinje usefukira, ndipo pamene panali msipu pasanduka nyanja yosaya yotambalala makilomita angapo. Anthu a kumeneko saopa madzi amenewa monga tiopera ife chigumula, pakuti afika chaka ndi chaka pang'onopang'ono, ndipo makolo awo anamanga midzi pa zitunda pamene madzi safika. Ayenda pa timabwato tophwatalala kunsi, nakankha ndi mtengo wautali monga achitira asodzi a ku Chilwa ndi nsungwi zawo. Nsomba nazo zituluka mu mtsinje kukaikira mazira mu udzu womizidwa, mmene madzi afunda msanga.

Oyamba kufika ndi atsekwe a kutchire, zikwizikwi, amene sakhalitsa ayi. Angopuma ndi kudya masabata owerengeka, napitirira ulendo wawo wa kumpoto kwenikweni kwa Russia. Pamodzi nawo zifika zingalu, mbalame zazitali zotuwa zimene Angerezi ati crane. Izi zilira ngati lipenga mbandakucha, ndipo yaimuna ndi yaikazi zivina pamodzi, kuweramirana ndi kudumpha m'mwamba mapiko ali tambasu. Mu bango mubisala mbalame ina imene anthu saiona kawirikawiri, koma aimva kutali ndithu, chifukwa ilira ngati munthu ali kuuzira m'botolo lopanda kanthu. Ina ikwera m'mwamba, nigwa mozondoka itatambasula nthenga za kumchira, ndipo mphepo ikawomba nthengazo zilira ngati mbuzi, kotero kuti mlendo ayang'ana pansi kufuna mbuziyo pamene phokoso lili kuchokera kumwamba. Chodabwitsa china ndi achule a mtundu wina amene chaka chonse aoneka ngati dothi, koma pa nthawi yofuna akazi aamuna ake asanduka a mtundu wa thambo lopanda mitambo, kwa masiku ochepa okha. Pofika mu Epulo maluwa achikasu aphuka pamwamba pa madzi, ndipo dambo lonse lingoti mbee kufikira pamene maso alekeza.

Nyama yaikulu ya m'dambomo ndi imene Azungu ati elk kapena moose. Msinkhu wake ulingana ndi wa ntchefu, miyendo yake ndi italiitali, mlomo wake ndi wolendewera, ndipo ziboda zake zitambasuka ikaponda m'thope kotero kuti sititimira. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, nyamayi inali itatha pafupifupi m'Poland monse. Zinapulumuka ndi zochepa zimene zinali pakati pa dambo la Biebrza, pa malo otchedwa Czerwone Bagno, ndiko kunena kuti Dambo Lofiira, pamene mlenje sakanatha kufika mosavuta. Lero zachulukanso, ndipo m'nyengo ya mphukira zioneka zitaima m'madzi zili kudya nsonga za timitengo. Mulinso beaver, nyama ya m'madzi yonga ntchenzi koma yaikulu kuiposa, imene igwetsa mitengo ndi mano ake nitseka mifuleni kuti madzi adikhe. Imeneyi ndi mmisiri wa madamu wosapita ku sukulu.

Nanga anthu achita chiyani m'nyengo imeneyi? Munthu amene wakhala miyezi inayi m'nyumba pafupi ndi moto, dzuwa likangoyamba kufunda safunanso kukhala m'nyumba. Alawira m'mamawa kuli chisanu, atavala majasi ndi nsapato zazitali za mphira, nakwera pa nsanja zamatabwa zimene anamanga m'mphepete mwa dambo. Pamenepo akhala chete maola awiri kapena atatu ali ndi magalasi oonera patali ndi kabuku kolembamo zimene aona. Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anthu amenewa ngakhale sadziwa mwambiwu autsata kopambana ife. Pena anayala matabwa pamwamba pa thope kuti munthu alowe m'kati mwa dambo osaponda zisa. Alendo afika kuchokera ku mayiko ena a ku Ulaya, nalipira malo ogona ndi chakudya m'midzi, ndiponso alipira eni mudzi odziwa kumene mbalame iliyonse ipezeka. Pa mudzi wa Brzostowo, msipu ukaphuka, ng'ombe zisambira zokha kuwoloka mtsinje m'mawa ndi kubwerera madzulo kukakamidwa, ndipo ngakhale zimenezi alendo abwera kudzaona.

Ana a sukulu nawo ali ndi miyambo yawo. Pa 21 Marichi apanga chidole cha udzu chotchedwa Marzanna, chimene chiimira chisanu, nachinyamula akuimba kukachiponya mu mtsinje kuti chisanu chipite nacho. Tsiku lomwelo litchedwanso tsiku la othawa sukulu, chifukwa ophunzira ambiri alowera ku tchire m'malo molowa m'kalasi. Aphunzitsi aakulu asaganize kuti ndili kupempha kuti mwambo wachiwiriwu ufike kuno.

Koma mbalame imene aidikira koposa zonse ndi dokowe woyera, wa mapiko akuda kunsonga, mlomo ndi miyendo zofiira. Ndi yemwe uja timuona m'madambo ndi m'minda yathu nthawi ya mvula, ali kuyenda mwaulemu ngati mfumu yoyendera munda. Kuno samanga chisa, koma ku Poland amanga pa madenga a nyumba ndi pa mitengo ya magetsi pakati pa mudzi, ndipo m'dziko lonselo muli mabanja a adokowe oposa 40,000. Anthu akhulupirira kuti nyumba imene dokowe wamangapo ili ndi mwayi. Kale ankakweza gudumu la ngolo pa denga kuti likhale maziko a chisa. Lero a kampani za magetsi aika mathandala a chitsulo pamwamba pa mitengo yawo kuti chisa chisakhudze mawaya. Adokowe ayamba kufika chakumapeto kwa Marichi, ndipo m'dera lomwelo la Biebrza muli mwambo wakale woti pa 25 Marichi amayi aphika timikate toumbidwa ngati phazi la dokowe, ana natuluka nato panja kukalonjera mlendoyo. Dokowe saimba nyimbo ngati mbalame zina. Akafika pa chisa chake chakale apinda khosi chagada nawomba mlomo wake kuti gogogo, ndipo mudzi wonse udziwa kuti chisanu chatha.

Ulendo wa dokowe ndi wodabwitsa. Iye ndi wolemera, sangathe kukupiza mapiko tsiku lonse, chotero adikira dzuwa litenthetse nthaka, nakwera pa mpweya wotentha wopita m'mwamba akuzungulirazungulira monga achitira kabawi, kenaka atsetsereka ndi mapiko otambasula kufikira atapeza mpweya wina wotere. Pamwamba pa nyanja palibe mpweya wokwera chotero, ndicho chifukwa chake adokowe saoloka nyanja ya Mediterranean pakati pake. A ku Poland azungulira chakum'mawa, naolokera pa kakhwalala ka madzi ka Bosphorus pa mzinda wa Istanbul, napyola Turkey ndi Israel, natsata chigwa cha Nile kufika ku Sudan. Ena atsala komweko, ena apitirira kudzera ku Kenya, Tanzania ndi kuno kwathu, ndipo olimba akafika mpaka ku South Africa. Mwezi wa Ogasiti anyamuka kubwera, ndipo mu Febuluwale ndi Marichi ali pa njira yobwerera.

Kale Azungu sanali kudziwa kumene mbalame zawo zipita. Ngakhale Linnaeus wa ku Sweden, katswiri amene anayambitsa dongosolo la mayina a Chilatini amene tivutika nawo mu Biology, ankakhulupirira kuti anamzeze agona pansi pa madzi a m'nyanja nthawi ya chisanu. Koma mu 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany, kunapezeka dokowe ali ndi mkondo wautali pafupifupi masentimita 80 wolasa pakhosi, ndipo mkondowo unali wa mlenje wa kuno ku Africa. Mbalameyo inauluka nawo ulendo wonsewo, ndipo isungidwabe ku yunivesite ya Rostock. Mu 1899 mphunzitsi wa sukulu wa ku Denmark, Hans Christian Mortensen, anayamba kuveka mbalame timphete ta manambala kumiyendo. Mu Disembala 1912 namzeze amene anavekedwa mphete ku Staffordshire ku England chaka cha 1911 anapezeka ku Natal. Lero amangirira pa msana pa mbalame kachipangizo kokhala ndi khadi ya foni kamene kanena pamene mbalameyo ili. Mu 2018 dokowe wa ku Poland wotchedwa Kajtek anasowa m'chigwa cha Blue Nile ku Sudan, ndipo munthu wina anachotsa khadiyo naimbira mafoni pafupifupi maola 20. Bungwe limene linali kutsata mbalameyo linalandira bilu yoposa ma zloty 10,000. Nkhaniyi iseketsa, koma itiphunzitsa kuti njira ya dokowe ipita pa makomo a anthu ambiri, ndipo aliyense wa iwo angathe kuidula.

Pali mbalame inanso imene chithunzi chake ndicho chizindikiro cha paki ya Biebrza. Angerezi ati ruff, eni dziko ati batalion. Mu Epulo ndi Meyi zazimuna zimera nthenga zokongola kuzungulira khosi, ina zoyera, ina zakuda, ina zofiira, ndipo zisonkhana pa bwalo kudumphirana ndi kuonetsana mphamvu zazikazi zili kuonerera. Anthu ayenda mitunda italiitali kuti akaone gule ameneyu. Koma mbalame yomweyo ikabwera ku Africa ivula zokongola zonse nikhala yotuwa, yosaoneka bwino, yongojompha m'thope m'mbali mwa Chilwa ndi madambo ena. Ife tiiona itavala zogwirira ntchito, iwo aiona itavala za ukwati. Mnyamata wa legeni sadziwa kuti kanthu kotuwa kamene ali kulozako ndi mfumu kwina.

Tsono maganizo anga ndi awa. Mbalame zimenezi si za Azungu okha, ndiponso si zathu zokha. Namzeze wofiira pakhosi akhala kuno kuyambira Okutobala kapena Novembala kufikira Epulo, ndiko kuti theka la moyo wake. Iwo asunga mazira ndi anapiye, ife tisunga makolo. Anthu a ku Biebrza angathe kumanga nsanja, kuika mathandala pa mitengo ya magetsi ndi kuphika timikate tawo, koma ngati ife titentha bango logonamo mbalame ndi kutchera ulimbo pa sabata yomwe zili kunyamuka, mwana wa kumeneko adzatuluka ndi mkate wake pa 25 Marichi nadzayang'ana kumwamba pachabe. Chimodzimodzi iwo akaumitsa madambo awo, ife tidzadikira alendo athu ndi mvula yoyamba, osawaona. Kwathu kuno timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kodi ndi mudzi uti umene upha mlendo usiku wotsazika?

Usiku wa mkangano uja mnzathu wina wa Fomu 4 anati kwa ine, "Iwe mphwanga, Mzungu ayang'ana mbalame ndi magalasi chifukwa wakhuta. Ife tiyang'ana ndi legeni chifukwa tili ndi njala." Onse anaseka, ndipo ine ndinasowa choyankha. Lero ndiyankha motere. Achimwene, mawu anu ali ndi choonadi, ndipo sindinyoza munthu wa ku Chilwa amene nsomba zikasowa atchera mbalame kuti ana ake adye. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ofufuza anawerengera kuti mbalame zogwidwa pa nyanja imeneyo zinali kupitirira miliyoni imodzi pa chaka, ndipo zambiri mwa izo zinali nzika zoswana komweko. Komabe alenje a kumeneko eni ake, ataona kuti mbalame zili kuchepa, anapanga magulu naika malamulo a miyezi yoleka kusaka ndi malo osafikako msampha. Ngati munthu amene moyo wake uli pa mbalame angathe kudziletsa, nanga ife amene tidya katatu pa tsiku? Yathu ija sinali njala, inali nkhuli, ndipo nkhuliyo sinathe ndi anamzeze 14. Ngati nyemba zatikola tiuze komiti ya chakudya, pakuti mlandu wa nyemba suli pa namzeze.

Wina anati Azungu okhawo ndiwo anayamba kuononga, asatiphunzitse ife. Izinso ndi zoona ndithu. Madambo ambiri a ku Ulaya anawakumbira ngalande nawaumitsa kuti alimemo, ndipo ngakhale dambo la Wizna, loyandikana ndi Biebrza, linaumitsidwa m'zaka za m'ma 1960. Kufikira lero m'mayiko ena ozungulira nyanja ya Mediterranean anthu aombera ndi kukola mbalame zapaulendo zosawerengeka, ena pofuna kungosewera chabe. Koma taonani zimene zinachitika ku Sweden. Nyanja ya Hornborga anaiphwetsa kasanu kuyambira mu 1802 kufikira m'zaka za m'ma 1930 pofuna minda. Minda yabwino sinapezeke monga anayembekezera, nyanja inasanduka bango ndi zitsamba, ndipo mbalame zambiri za m'madzi zinathawa. Potsiriza boma linataya ndalama zambiri kudula bangolo ndi kubwezeramo madzi, ntchito imene inatha mu 1995. Masiku ano, kumayambiriro kwa Epulo, zaka zina pasonkhana zingalu zoposa 20,000 tsiku limodzi. Iwo analipira kawiri, poononga ndi pokonza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kulakwa kwa Mzungu sikutipatsa ife chilolezo cholakwa. Kutipatsa phunziro laulere, ndipo ife tilibe ndalama zolipirira kawiri.

Wachitatu anafunsa kuti phindu lake n'chiyani kwa ife. Namzeze mmodzi adya tizilombo touluka mazanamazana pa tsiku. Dokowe atsata dzombe ndi ntchemberezandonda, ndipo kumene zagwa mbozi zimenezi adokowe asonkhana gulu lalikulu nadya kuyambira m'mawa kufikira madzulo osapempha malipiro. Zigwa za Chilwa ndi Chiuta ndi malo amodzi mwa amene dzombe lofiira liswana, chotero mlimi wa kumeneko ayenera kulonjera dokowe monga achitira mwana wa ku Poland. Ndipo dambo lenilenilo ndi nkhokwe ya madzi: limwa mvula ya dzinja ngati chinkhupule, niliitulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Chitsime chathu cha kumunsi kwa dimba la sukulu sichiphwa mu Okutobala chifukwa cha dambo lomwe lija. Chilwa ndi nyanja yosaya yopanda mtsinje wotulukamo. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inaumanso, mabwato nakhala pa dothi long'aluka. Mu 1971 mayiko anapangana mu mzinda wa Ramsar ku Iran kuti asunge madambo ofunika. Biebrza inalembedwa m'kaundula wa panganolo mu 1995. Malawi analowa mu 1997, malo ake oyamba nakhala Chilwa, ndipo mu 2017 anawonjezera Elephant Marsh ku chigwa cha Shire. Chotero dambo lawo ndi athu ali m'buku limodzi.

Pali zinthu ziwiri zina zimene Biebrza itiphunzitsa. Choyamba ndi moto. Mu Epulo 2020, chipale chitagwa chochepa ndipo mvula itasowa, dambolo silinadzaze monga mwa masiku onse. Moto unabuka nutentha mahekitala oposa 5,000 pa nthawi imene mbalame zinali kuyamba kuikira, ndipo akuluakulu a boma anati unayamba ndi anthu otentha udzu wouma. Kodi si zomwezo tichita ife mu Ogasiti pofuna mbewa zisanu? Chachiwiri ndi chakuti kusunga dambo sikutanthauza kuthamangitsamo anthu. Kumeneko kuli kambalame ka magalamu 12 kotchedwa aquatic warbler, kosowa kwambiri pa dziko lapansi, kamene malo ake othawirako chisanu anapezeka mu 2007 ku Djoudj m'dziko la Senegal. Kambalameka kafuna udzu waufupi wa m'madzi. Kale alimi ankamweta udzuwo ndi zikwakwa kudyetsa ng'ombe, ndipo atasiya, zitsamba ndi bango zinalanda malo, kambalame nikayamba kuchepa. Lero amwetanso, ena ndi makina, anapiye atauluka kale. Chotero amayi omweta udzu wofolerera ndi abambo odula bango la mphasa si adani a dambo, malinga achite pa nyengo yake ndi kusiyako pena.

Ndiye ndipempha zinthu zitatu, ndipo palibe chimodzi chofuna ndalama. Choyamba, kuyambira mvula yoyamba kufikira kumapeto kwa Epulo, ulimbo ndi legeni zisatsikire ku dambo. Lamuloli lisachokere ku ofesi ya aphunzitsi aakulu, pakuti lamulo la ku ofesi mudziwa nokha mmene tilisungira. Tipangane tokha hostel ndi hostel. Chachiwiri, dambo lathu lisatenthedwe, ndipo bango la kumunsi kumene anamzeze agona lisadulidwe iwo asananyamuke. Chachitatu, kalabu ya zachilengedwe igule kope limodzi lolimba, ndipo chaka ndi chaka tilembemo tsiku limene taona namzeze woyamba wofiira pakhosi ndi dokowe woyamba, ndi tsiku limene tawaona komaliza. Tisawasokoneze ndi anamzeze athu a pakhomo amene amanga zisa za dothi pa khonde la laibulale, pakuti amenewo ndi nzika. Mortensen anali mphunzitsi wa sukulu chabe, ndipo anayamba ndi timphete todula yekha. Ife tikachoka, a Fomu 1 adzapitiriza, ndipo pakatha zaka 20 kopelo lidzanena ngati alendo athu ali kuchuluka kapena kuchepa, kufulumira kapena kuchedwa.

Ine legeni yanga ndinaidula mphira ndi kumangira sutikesi. Sabata yachiwiri ya Epulo ndinatsikiranso ku dambo ndekha madzulo, ndipo ndinapeza bango lili chiimire, lopanda mbalame ndi imodzi yomwe. Anali atapita. Mu Novembala, amene afuna kudzaona ngati abwerera andipeze pa chulu cha kumapeto kwa bwalo la mpira itatha nthawi ya masewera. Abwere ndi pensulo.

Wophunzira wa Fomu 3